Chidziwitso: Ufulu wa Ochita Lendi ndi Malamulo Okhudza Kukweza Lendi ya Nyumba, Mashopu ndi Minda

Unduna wa za Malo ukudziwitsa eni nyumba, anthu ochita lendi, amalonda, alimi ndi anthu onse zimene malamulo a dziko lino amanena pa nkhani yokweza lendi. Kuchokera pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti, malata, penti ndi zipangizo zina zomangira yakwera, ndipo eni nyumba ambiri akweza lendi. Kukweza lendi pakokha si mlandu. Mikangano imabuka pamene lendi yakwezedwa mwadzidzidzi, pakati pa mgwirizano, kapena pamene wokana mtengo watsopano watulutsidwa m'nyumba mokakamiza. Chidziwitsochi chikufotokoza ufulu ndi udindo wa mbali zonse ziwiri, komanso kumene munthu angapite ngati mkangano wakanika kutha pokambirana.

Malamulo amene amagwira ntchito pa nkhaniyi

Dziko la Malawi lilibe lamulo loika malire pa mtengo wa lendi ya nyumba kapena shopu ya munthu wamba. Mtengo umachokera pa mgwirizano wa mwininyumba ndi wochita lendi. Komabe izi sizitanthauza kuti mwininyumba angachite chilichonse chimene wafuna, pakuti mgwirizano wa lendi ndi pangano limene lamulo limalizindikira, ndipo mbali imodzi singalisinthe payokha popanda inzake kuvomera.

Malamulo aakulu a dziko lino, amene anakhazikitsidwa mu 1994, amateteza ufulu wokhala ndi katundu m'gawo 28, ufulu wosasokonezedwa pa moyo wa munthu ndi m'nyumba mwake m'gawo 21, ndiponso ufulu wopita kubwalo la milandu m'gawo 41. Lamulo la Registered Land Act la 1967 limafotokoza za malizi ndi lendi pa malo olembedwa m'kaundula wa boma, monga mapuloti ambiri a m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Malamulo a Land Act ndi Customary Land Act a 2016 amayang'anira za malo a boma, malo a anthu ndi malo a m'midzi. Pamene malamulo olembedwawa sananenepo kanthu, makhoti amatsatira mfundo zokhazikika za malamulo a mapangano.

Mgwirizano wapakamwa nawonso ndi mgwirizano, ndipo khoti limauzindikira. Vuto lake ndi umboni: pakabuka mkangano, aliyense amakumbukira zomukomera. N'chifukwa chake Unduna ukulimbikitsa kuti mgwirizano uliwonse, ngakhale wa chipinda chimodzi, ulembedwe m'chinenero chimene onse akumva, usayinidwe ndi mbali zonse pamaso pa mboni, ndipo aliyense asunge kope lake.

Mitundu iwiri ya mgwirizano

Funso loti lendi ingakwezedwe liti limayankhidwa poyamba ndi mtundu wa mgwirizano umene ulipo.

Mtundu woyamba ndi mgwirizano wa nthawi yoikika, monga wa chaka chimodzi kapena zaka ziwiri, umene uli ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Pa malo olembedwa m'kaundula, lizi yopitirira zaka zitatu iyenera kulembetsedwa ku ofesi ya kaundula wa malo kuti wobwereka atetezedwe mokwanira.

Mtundu wachiwiri ndi mgwirizano wopanda tsiku lothera, umene umapitirira mwezi ndi mwezi malinga ndi mmene lendi imalipiridwira. Anthu ambiri okhala m'madera monga Ndirande, Bangwe, Kawale, Area 25, Chibavi ndi Chinamwali ali pa mgwirizano wotere, ngakhale sanasayine pepala lililonse. Mgwirizano wa nthawi yoikika ukatha, koma wochita lendi n'kupitiriza kukhala m'nyumbamo mwininyumba akulandirabe ndalama, lamulo limauona ngati wasanduka wa mtundu wachiwiriwu, ndipo mfundo zakale, kuphatikizapo mtengo, zimapitirira kufikira zitasinthidwa motsatira njira yoyenera.

Nthawi imene lendi ingakwezedwe

Pa mgwirizano wa nthawi yoikika, mtengo umene unalembedwa ndiwo umagwira ntchito mpaka tsiku lothera. Mwininyumba angakweze lendi mgwirizano uli mkati pokhapokha ngati muli ndime yolola zimenezo, ndipo ayenera kutsatira ndimeyo momwe inalembedwera. Ngati ndime ikunena kuti lendi idzaunikidwa kamodzi pa chaka, saloledwa kukweza kawiri. Ngati ikunena kuti notisi idzakhala ya miyezi itatu, notisi ya mwezi umodzi ndi yosakwanira. Ngati mulibe ndime yotere, kukwera kwa mitengo ya zinthu kapena kugwa kwa kwacha sikumupatsa mphamvu yosintha mtengo payekha. Angapemphe, ndipo wochita lendi ali ndi ufulu wovomera kapena kukana.

Pa mgwirizano wa mwezi ndi mwezi, mwininyumba ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kugwirizana ndi wochita lendi pa mtengo watsopano ndi tsiku loyambira. Yachiwiri ndi kupereka notisi yothetsa mgwirizano wakale, n'kupereka mwayi wa mgwirizano watsopano pa mtengo wina. Lamulo limati notisi yothetsa mgwirizano wotere isachepere nthawi imene lendi imalipiridwira, ndipo ithere pa tsiku lolipira lendi. Motero pa lendi ya pamwezi, notisi yokweza mtengo isachepere mwezi wathunthu. Nthawi yonse ya notisi, wochita lendi amalipira mtengo wakale.

Mwachitsanzo, tiyerekeze kuti munthu amalipira K100,000 pa 1 mwezi uliwonse, ndipo pa 20 Malichi walandira kalata yoti lendi yakwera kufika pa K130,000 kuyambira pa 1 Epulo. Pakati pa masiku awiriwa pali masiku 12 okha, choncho notisiyo ndi yoperewera. Mwezi wathunthu wothera pa tsiku lolipira ukufika pa 1 Meyi. Lendi ya Epulo ikhalabe K100,000, ndipo mtengo watsopano ungayambe mu Meyi ngati wochita lendi wasankha kukhalabe m'nyumbamo. Akasankha kutuluka, amatuluka notisi ikatha, atalipira zonse za miyezi imene wakhalamo.

Lendi siikwezedwa chobwerera m'mbuyo. Miyezi imene inadutsa kale, kapena imene inalipiridwiratu, monga zimachitikira munthu akapereka ya miyezi itatu polowa m'nyumba, inatsekedwa pa mtengo umene unalipo pa nthawi yolipira. Mwininyumba sangafune ndalama yoonjezera pa miyezi imeneyo.

Ochita lendi adziwenso kuti kulipira mtengo watsopano osanenapo kanthu kungaonedwe ngati kuvomera. Amene sakugwirizana ndi mtengo kapena kutalika kwa notisi ayankhe polemba kalata, asunge kope lake, ndipo apitirize kulipira mtengo wakale pa nthawi yake. Kusiyiratu kulipira chifukwa chokwiya ndi kulakwitsa kwakukulu, chifukwa kumapatsa mwininyumba chifukwa chomveka chothetsera mgwirizano.

Zimene mwininyumba saloledwa kuchita

Ngakhale wochita lendi atakhala ndi ngongole, kapena notisi itatha iye osatuluka, mwininyumba asadziweruzire yekha mlandu. Kusasula malata, kuchotsa zitseko ndi mazenera, kukhoma loko wina pachitseko munthu akupita kuntchito, kutaya katundu panja, kudula madzi kapena magetsi ndi cholinga chomutopetsa, ndiponso kutumiza anyamata oti akamuopseze, zonsezi zingachititse kuti khoti limulamule kulipira chipukuta misozi. Zina mwa izo, monga kulowa m'nyumba mwa chiwawa, kuopseza ndi kuononga katundu wa munthu mwadala, ndi milandu pansi pa lamulo la Penal Code, ndipo apolisi ali ndi mphamvu yochitapo kanthu.

Njira yoyenera yotulutsira munthu amene wakana kutuluka notisi itatha ndi kukasuma kukhoti. Khoti likagamula, amene amakwaniritsa chigamulocho ndi asherifu. Chimodzimodzinso kulanda katundu chifukwa cha ngongole ya lendi: kuli ndi ndondomeko yake ya lamulo, ndipo amachita ntchitoyi ndi asherifu kapena nthumwi zovomerezeka, zokhala ndi zikalata. Wochita lendi ali ndi ufulu woona zikalatazo ndi kulandira mndandanda wa katundu amene watengedwa.

Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko limaletsa tsankho lotengera mtundu, chipembedzo, chinenero, ulumali, kukhala mwamuna kapena mkazi, ndi zina zotero. Kukweza lendi kwa munthu mmodzi pofuna kumuthamangitsa pa zifukwa zimenezi n'kosemphana ndi mfundo imeneyi. Kufuna chiwerewere m'malo mwa lendi, kapena kuopseza mayi kuti atulutsidwa akakana, ndi nkhanza imene iyenera kukanenedwa kupolisi, ku ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza.

Udindo wa mbali zonse ziwiri

Pokhapokha mgwirizano utanena zosiyana, lamulo limaona kuti mwininyumba analonjeza kuti wochita lendi akhala mwamtendere, osasokonezedwa, malinga ngati akulipira ndi kusunga mfundo za mgwirizano. Pamene munthu wabwereka gawo chabe la nyumba, monga chipinda kapena shopu imodzi pa mdadada, udindo wokonza denga, zipupa zikuluzikulu, ngalande za madzi oipa ndi tinjira togwiritsa ntchito anthu onse umakhala wa mwininyumba. Iye ali ndi ufulu wolowa kudzaona mmene nyumba ilili, koma adziwitsiretu ndipo abwere pa nthawi yoyenera.

Wochita lendi nayenso ali ndi udindo wolipira pa tsiku limene anagwirizana, kusamala m'kati mwa nyumba, kukonza zimene waononga iye kapena a m'banja mwake, ndi kupereka notisi yokwanira akafuna kutuluka. Asabwereketse nyumba kapena chipinda kwa munthu wina, kapena kusandutsa nyumba yogona kukhala malo ogulitsira mowa kapena bizinesi ina, popanda chilolezo cha mwiniwake. Kuthawa usiku ndi ngongole sikufafaniza ngongoleyo, pakuti lamulo la Limitation Act limapereka zaka 6 zoti munthu asume pa nkhani za mapangano.

Mgwirizano wabwino umatchula amene azilipira mabilu a madzi ku bungwe la madzi la m'deralo, magetsi a ESCOM, msonkho wa nyumba ku khonsolo, ndi kupopa chimbudzi chikadzaza. Pamene mabanja angapo akugwiritsa ntchito mita imodzi, kagawidwe ka bilu kalembedwe momveka, ndipo aliyense azionetsedwa biluyo, kuti ndalama ya madzi isasanduke njira yobisika yokwezera lendi.

Dipoziti, malisiti ndi ndalama zakunja

Dipoziti ndi chikole chosungidwa kuti chidzalipire zoonongeka kapena ngongole pa nthawi yotuluka. Si mphatso kwa mwininyumba. Kutha kwa penti kapena kukalamba kwa zinthu chifukwa chogwiritsidwa ntchito bwinobwino si kuononga, ndipo sikuyenera kudulidwa pa dipoziti. Polowa ndi potuluka, mbali zonse ziyendere nyumba pamodzi, zilembe zimene zaona, ndipo ngati n'kotheka zijambule zithunzi pa foni.

Pa ndalama iliyonse yoperekedwa pakhale lisiti yotchula tsiku, kuchuluka kwa ndalama ndi mwezi umene ukulipiridwa. Kabuku ka lendi kosayinidwa mwezi ndi mwezi n'kokwanira. Mauthenga a Airtel Money, TNM Mpamba kapena a kubanki asafufutidwe, chifukwa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limalola mauthenga a pa foni ndi pa kompyuta kukhala umboni.

Ndalama yovomerezeka m'dziko muno ndi kwacha. Malamulo a ndalama zakunja, amene amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, amaletsa kutchula mtengo kapena kufuna malipiro mu madola ndi ndalama zina zakunja pa malonda a m'dziko muno popanda chilolezo. Wochita lendi amene wauzidwa kuti azilipira mu madola angakanene ku banki yaikuluyi.

Nyumba ikagulitsidwa kapena mwiniwake akamwalira

Kugulitsidwa kwa nyumba sikuthetsa mgwirizano wa lendi umene ulipo. Wogula amalowa m'malo mwa mwini wakale, ndipo amatenga ufulu ndi udindo womwewo. Ngati akufuna kukweza lendi kapena kulowa yekha m'nyumbamo, atsatire notisi monga tafotokozera pamwambapa. Wochita lendi asayambe kulipira munthu wachilendo asanaone kalata yochokera kwa mwini wakale kapena umboni woti nyumba yasinthadi manja.

Mwininyumba akamwalira, lendi imaperekedwa kwa munthu amene wapatsidwa mphamvu yoyang'anira chuma cha masiye motsatira lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la 2011. Achibale angapo akamabwera aliyense kufuna ndalama, wochita lendi apemphe kuona kalata ya khoti kapena ya ofesi ya Administrator General kapena ya bwanamkubwa, ndipo asunge ndalamazo bwino kufikira atadziwa woyenera kulandira.

Kwa amalonda

Mfundo zonsezi zimagwiranso ntchito pa mashopu, magolosale, nyumba zosungiramo katundu ndi malo a zigayo. Wamalonda amataya zambiri akasamutsidwa mwadzidzidzi, chifukwa makasitomala amazolowera malo. Choncho ndi bwino kupempha mgwirizano wa nthawi yoikika wokhala ndi ndime yonena kuti lendi idzaunikidwa liti, idzakwera motani, ndi kuti notisi idzakhala yaitali bwanji. Musanamange mashelefu, kuika zitsulo za m'mazenera kapena kukoka magetsi ndi ndalama zanu, gwirizanani polemba ngati ndalamazo zidzachotsedwe pa lendi, kapena ngati mudzaloledwe kuchotsa zinthuzo potuluka.

Ndalama za ziphaso za mumsika ndi lendi ya mashopu a khonsolo n'zosiyana ndi lendi ya nyumba za anthu. Zimenezi zimakhazikitsidwa ndi makhonsolo motsatira lamulo la Local Government Act la 1998, ndipo madandaulo apite ku komiti ya msika, kwa khansala kapena ku likulu la khonsolo.

Kwa alimi

Alimi ambiri amabwereka munda kapena dimba kwa nyengo imodzi ya ulimi. Mtengo umene wagwirizanidwa nyengo isanayambe ndiwo umagwira ntchito mpaka kukolola. Mwini munda sangakweze mtengo poona kuti chimanga chabereka bwino kapena kuti mtengo wa soya wakwera pamsika, ndiponso sangalande munda mbewu zili m'munda mgwirizano usanathe. Mgwirizano utchule malire a munda, mbewu zimene zidzalimidwe, mwezi womaliza kukolola, ndi mwini wa mitengo ndi mapesi otsala. Uchitikire pamaso pa nyakwawa kapena komiti ya malo ya m'mudzi, ndipo pa malo a banja, akuluakulu a banjalo adziwe, kuti wina asadzatulukire pakati pa dzinja n'kunena kuti sanavomereze. Kubwereka munda, ngakhale kwa zaka zambiri, sikusandutsa wobwereka kukhala mwini malo.

Mikangano ya malo a m'midzi imapita ku mabwalo a malo amene lamulo la Customary Land Act linakhazikitsa, kuyambira bwalo la kwa mfumu yaikulu, kenako la pa boma, mpaka bungwe la Central Land Board.

Alimi asasokoneze kubwereka munda ndi utenanti wa m'maesiteti a fodya. Utenanti umenewu unathetsedwa mu 2021 pamene lamulo la Employment Act linasinthidwa, ndipo ogwira ntchito m'maesiteti ayenera kulandira malipiro monga antchito. Madandaulo awo amapita ku ofesi ya za ntchito ya m'boma lawo.

Nyumba za MHC ndi malo a boma

Bungwe la Malawi Housing Corporation, limene linakhazikitsidwa mu 1964, lili ndi mapangano akeake ndi anthu okhala m'nyumba zake, ndipo kusintha kwa lendi limakulengeza kwa iwo. Wokhala m'nyumba ya bungweli asaibwereketse kwa wina mobisa. Amene akuchita lendi kwa munthu wotero alibe chitetezo chokwanira, chifukwa bungwe limazindikira yekhayo amene linasayina naye.

Anthu amene ali ndi lizi ya malo a boma, kaya puloti ya m'tauni kapena esiteti, amalipira lendi ya malo ku boma chaka ndi chaka. Lendi imeneyi imaunikidwa motsatira zolembedwa mu lizi ndi malamulo a malo, ndipo kusalipira kungachititse kuti boma litenge malowo. Udindo wolipira ndi wa mwini lizi, osati wochita lendi m'nyumba yomangidwa pamalopo, pokhapokha atagwirizana polemba.

Kumene mungapite ndi madandaulo

Choyamba ndi kukambirana, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe. Zikakanika, mafumu, atsogoleri a m'madera a m'tauni ndi akuluakulu a mipingo ndi mizikiti angathandize kuyanjanitsa, ngakhale iwo alibe mphamvu yotulutsa munthu m'nyumba. Apolisi amalowererapo pakakhala chiwawa, kuopseza kapena kuononga katundu, koma sagamula mtengo wa lendi ndiponso satolera ngongole.

Milandu ya ngongole ya lendi, dipoziti ndi chipukuta misozi imapita kukhoti la majisitireti kapena ku Khoti Lalikulu, malinga ndi kuchuluka kwa ndalama ndi mtundu wa mlandu. Khoti Lalikulu lingapereke chiletso choimitsa kutulutsidwa kwa munthu pamene mlandu ukudikira kumvedwa. Amene sangakwanitse kulipira loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau. Madandaulo okhudza ofesi kapena bungwe la boma angapitenso kwa Ombudsman, ndipo okhudza tsankho ndi kuphwanyiridwa ufulu angapite ku Malawi Human Rights Commission. Popita kulikonse, tengani kope la mgwirizano, malisiti, kalata ya notisi, zithunzi ndi mayina a mboni.

Unduna ukupempha eni nyumba kuti azipereka notisi yolembedwa ndi yokwanira asanasinthe mtengo, ndipo ochita lendi azilipira pa nthawi yake ndi kusunga umboni. Amene akufuna kudziwa zambiri za malizi, kalembera wa malo ndi lendi ya malo a boma apite ku maofesi a Unduna wa za Malo ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, kapena kwa mkulu woona za malo ku khonsolo ya boma lawo.